Sudoku Yovuta Imagonja kwa Wodziwa Kufufuta

Aliyense amene amasewera sudoku, kaya ya m'nyuzipepala kaya ya pafoni, amadziwa pamene zinthu zimaimira. Manambala oyamba amalowa mosavuta, apa 4, apo 9, bokosi lapakati n'kudzaza, munthu n'kumaona ngati amaliza posachedwa. Kenako zonse zimangoti zii. Tizipinda tambiri tikadali topanda kanthu, ndipo kalikonse kakuoneka kuti kangalandire manambala awiri kapena atatu. Maso amazungulira mizere yomweyomweyo osatola kanthu. Apa ena amalemba nambala mongolota, akumati mwina ikhala yomweyo, pomwe ena amaponya pepala kumbali n'kunena kuti masewerawa ndi a anthu odziwa masamu. Onsewa asokera. Mu sudoku mulibe kuphatikiza kapena kuchulukitsa; mutachotsamo manambala n'kuikamo zilembo 9, masewerawo sangasinthe ngakhale pang'ono. Komanso sudoku yokonzedwa bwino imakhala ndi yankho limodzi lokha, kutanthauza kuti nambala iliyonse yosowa ili ndi chifukwa chokhalira pamene iyenera kukhala. Chimene chiyenera kusintha munthu akakakamira ndi funso limene akudzifunsa. Wongoyamba kumene amafunsa kuti, "Muno mulowa nambala yanji?" Amene wazama amafunsa kuti, "Ndi nambala iti imene singalowe muno, zivute zitani?" Njira zonse zimene akatswiri amazitchula ndi mayina oopsa zinaphuka pa funso lachiwirili, ndipo wolimvetsa safunika kuloweza mayinawo.

Malamulo ake ndi ochepa. Bwalo lili ndi tizipinda 81, mizere 9 yopingasa, mizere 9 yotsika, ndi mabokosi 9 a tizipinda 9 lililonse, ndipo manambala kuyambira 1 mpaka 9 ayenera kupezeka kamodzi kokha mumzere uliwonse ndi m'bokosi lililonse. Kachipinda kalikonse kali ndi tinzake 20 timene kamagawana nato mzere kapena bokosi, ndipo m'nkhani ino tizinena kuti tizipinda totere timaonana. Masewerawa anayamba kusindikizidwa ku America mu 1979 m'magazini ya kampani ya Dell, akutchedwa Number Place, ndipo amene amadziwika kuti anawapeka ndi Howard Garns wa ku Indiana, wojambula mapulani a nyumba yemwe anali atapuma pa ntchito. Kampani ya Nikoli ya ku Japan inawatenga mu 1984 n'kuwapatsa dzina limene tikulidziwa lero. Anawafalitsa padziko lonse ndi Wayne Gould wa ku New Zealand, yemwe anali woweruza milandu ku Hong Kong. Iyeyu anapeza buku la sudoku ku Tokyo mu 1997, n'kutha zaka 6 akukonza pulogalamu ya kompyuta yopanga masewerawa, ndipo nyuzipepala ya The Times ya ku London inayamba kuwasindikiza mu Novembala 2004. Pofika 2006 mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Lucca, m'dziko la Italy. Mayina ambiri a njira zimene tikambe pano anabadwa m'zaka zimenezo pakati pa osewera okhaokha, n'chifukwa chake ali a Chingerezi chamumsewu, osati cha m'buku la masamu.

Pali maganizo ofala oti sudoku imavuta chifukwa cha kuchepa kwa manambala amene wakupatsa woikonza. Malire alipodi: mu 2012 Gary McGuire wa ku University College Dublin ndi anzake awiri anasonyeza, atayendetsa makompyuta amphamvu kwa miyezi yambiri, kuti palibe sudoku ya manambala opatsidwa 16 imene ingakhale ndi yankho limodzi, ndiye kuti ochepetsetsa ndi 17. Koma sudoku zambiri za manambala 17 zimatheka ndi njira wamba, pomwe zina za manambala 23 kapena 25 zimagonjetsa ngakhale akatswiri. Kuvuta kwagona pa kutalika kwa mfundo imene muyenera kutsatira musanapeze chinthu chimodzi chotsimikizika. Mu sudoku yophweka mfundoyo ndi ya sitepe imodzi: mzerewu ukusowa 6, malo ake ndi amodzi, lembani. Mu yovuta mumafika pamene palibe kachipinda ngakhale kamodzi kodzazika mwachindunji, ndipo ntchito yokha yotheka ndi kuchotsa nambala imodzi pa mndandanda wa zimene zingalowe m'kachipinda kena kakutali. Kwa munthu wozolowera kulemba manambala aakulu, kufufuta kanambala kamodzi kumaoneka ngati sanachite kanthu. Komatu kawirikawiri kanambala komweko n'kamene kamatsekula bwalo lonse.

Choncho chida choyamba ndi pensulo yosongoka ndi chofufutira. M'ngodya za kachipinda kalikonse kopanda kanthu mumalemba ting'onoting'ono manambala onse amene sanaletsedwe ndi mzere kapena bokosi. Ntchitoyi imatopetsa, ndipo bwalo limadzaza ndi tinambala mpaka maso kuchita chidima. Pa chifukwa chimenechi osewera ambiri amayamba ndi kalembedwe kodziwika ndi dzina la Thomas Snyder wa ku America, yemwe anapambana mpikisano wa dziko lonse katatu. Mmenemo mumalemba kanambala pokhapokha ngati m'bokosi mwatsala malo awiri okha amene nambalayo ingalowe. Ngati 8 ingakhale m'tizipinda tinayi ta bokosilo, simulemba kanthu; ngati ingakhale m'tiwiri tokha, mumalemba 8 wamng'ono m'tonse tiwiri. Ubwino wake sikungochepetsa litsiro papepala. Kalembedweka kamaphunzitsa diso kusaka chinthu chimene njira zonse zapamwamba zimadalira, chomwe ndi malo pamene pali mwayi uwiri wokha: ngati si apa, ndi apo. Zikafika pothina muyenerabe kulemba tinambala tonse, ndipo muzilemba mosamala, chifukwa kanambala kamodzi koiwalika kamasandutsa mfundo yolondola kukhala yabodza.

Njira zoyambirira za kufufuta zimayang'ana mzere umodzi kapena bokosi limodzi. Tinene kuti mumzere wina muli tizipinda tiwiri, kalikonse kangalandire 3 kapena 8 basi. Simukudziwa kuti 3 ali kuti ndipo 8 ali kuti, ndipo simufunika kudziwa. Manambala awiriwo atenga kale tizipinda tiwirito, choncho fufutani 3 ndi 8 m'tizipinda tina tonse ta mzerewo. Nthawi zina awiriwa amabisala. M'bokosi mungapezeke kuti 2 ndi 6 angalowe m'tizipinda tiwiri tokha, koma tizipindato tili ndi tinambala tinanso, monga 5 ndi 9. Poti 2 ndi 6 alibe kwina kopita, 5 ndi 9 ndi amene ayenera kuchokamo. Mfundo yomweyi imagwira pa manambala atatu m'tizipinda titatu. Ndiye pali pamene bokosi limakumana ndi mzere: ngati m'bokosi la kumtunda kumanzere 5 angakhale m'tizipinda tiwiri tokha, ndipo tonse tiwiri tili mumzere wopingasa wachiwiri, 5 wa mzere umenewo ali m'bokosimo, ndipo sangakhalenso kwina kulikonse mumzerewo. Onani kuti pa zonsezi simunalembe nambala yaikulu ngakhale imodzi. Mwangodziwa chinthu chimene chili choona mbali zonse ziwiri.

Njira yotchedwa X-Wing imachita zomwezo, kungoti imadumpha malire a bokosi. Sankhani nambala imodzi, tinene 7, ndipo muiwale kaye ena onse. Mumzere wopingasa wachiwiri mwapeza kuti 7 angakhale pamalo awiri okha, pomwe mzerewo ukudutsana ndi mzere wotsika woyamba ndi wachinayi. Mukatsika kumzere wopingasa wachisanu mukupezanso chimodzimodzi: malo a 7 ndi awiri, m'mizere yotsika yomweija, woyamba ndi wachinayi. Tizipinda tinayiti tapanga ngodya zinayi. Tsopano lingalirani. Ngati 7 wa kumtunda ali kumanzere, wa kumunsi sangakhalenso kumanzere chifukwa angakhale mumzere wotsika umodzi, ndiye ali kumanja. Ngati wa kumtunda ali kumanja, wa kumunsi ali kumanzere. Palibe njira yachitatu. Pa njira ziwiri zonsezi mzere wotsika woyamba wapeza 7 wake pa imodzi mwa ngodyazo, ndipo wachinayi nawonso wapeza wake. Motero 7 wina aliyense wa pensulo amene ali m'mizere iwiri yotsikayo, kunja kwa ngodya zinayi zija, ngwabodza, ndipo mumufufute popanda mantha. Mukhoza kutembenuza zonsezi, kuyamba ndi mizere yotsika n'kufufuta m'yopingasa. Swordfish, imene dzina lake limaopseza ambiri, ndi X-Wing yomweyo itakula: mizere itatu yopingasa imene malo ake onse a nambala ina agwera m'mizere itatu yotsika yomweyo. Sikofunika kuti mzere uliwonse ukhale ndi malo atatu, awiri akukwana, bola onse akhale mkati mwa mizere itatu yotsikayo. Nambala imodzi katatu, mizere itatu, palibe malo a mlendo. Chovuta pa Swordfish ndi kuiona, osati kuimvetsa, ndipo njira yoionera ndi kutenga nambala imodzi pa nthawi n'kuyenda nayo mizere yonse 9, mukuyang'ana imene yatsala ndi malo awiri kapena atatu.

Pa njira zonse, imene imaonetsa bwino mtima wa nkhaniyi ndi XY-Wing, chifukwa siyang'ana nambala imodzi koma tizipinda titatu tokhala ndi tinambala tiwiritiwiri. Tinene kuti kachipinda ka pangodya ya kumtunda kumanzere kali ndi 1 ndi 2. Mumzere wake wopingasa, pamalo achisanu, pali kena kokhala ndi 1 ndi 9. Mumzere wake wotsika, pamalo achinayi, pali kachitatu kokhala ndi 2 ndi 9. Kapangodya kaja kakakhala 1, kamnzake ka kumanja kataya 1 n'kukhala 9. Kakakhala 2, kamnzake ka kumunsi kataya 2 n'kukhala 9. Simukudziwa chimene kapangodya kadzakhale, koma mukudziwa kuti 9 ali m'kamodzi mwa tiwiri tija. Ndiye yang'anani kachipinda kamene kakuonana ndi tonse tiwiri, komwe kali pomwe mzere wopingasa wachinayi ukudutsana ndi wotsika wachisanu. Kameneko sikangakhale 9, kaya zinthu zigwere mbali iti. Ngati kanali ndi 9 ndi 3 basi, mwapeza 3 wanu, ndipo mwamupeza ndi umboni wokwanira.

Mukazolowera kuganiza motere mumaona kuti unyolowu ukhoza kutalika. Pali njira imene osewera amagwiritsa ntchito mitundu iwiri, monga wofiira ndi wobiriwira, kapena kadontho ndi kamtanda kwa amene ali ndi pensulo yokha. Mumasankha nambala imodzi n'kufufuza mizere ndi mabokosi amene nambalayo yatsala ndi malo awiri okha. Malo oyamba mumawapatsa kadontho, anzake kamtanda. Ngati a kamtandawo ali ndi anzawo ena mumzere wina, amenewo amalandira kadontho, n'kumapita choncho mosinthanasinthana. Pamapeto pake tonse ta kadontho timakhala toona limodzi kapena tabodza limodzi, ndipo ta kamtanda timakhala mosemphana nato. Mukapeza tiwiri ta kadontho tikuonana, ndiye kuti kadontho konse n'kabodza, pakuti nambala imodzi singakhale kawiri mumzere kapena m'bokosi. Mukapeza kachipinda kakunja kwa unyolo kamene kakuonana ndi kadontho komanso kamtanda, nambalayo ichokemo. Njira zazitali zimene akatswiri amagwiritsa ntchito zimangosakaniza ulalo wa mitundu iwiri: wakuti "ichi chikakhala chabodza, icho n'choona" ndi wakuti "ichi chikakhala choona, icho n'chabodza". X-Wing ndi XY-Wing zonse ndi maunyolo aafupi a mtundu womwewu.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kulota komwe kuja, kungoti kwavala jekete. Kodi kunena kuti "kapangodya kakakhala 1" si kuyesa? Funsoli n'lomveka, ndipo malire ake sali owongoka monga ena amafunira. Komabe kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Wolota amasankha mbali imodzi, amalemba, n'kupitiriza kudzaza tizipinda 15 kapena 20 pamwamba pa nambala imene alibe nayo umboni. Akakumana ndi 4 awiri mumzere umodzi sadziwa ngati cholakwa chili pa kulota kuja kapena pa sitepe ina yapakati, ndipo amafufuta mpaka pepala kubooka. Akachita mwayi n'kulondola, wamaliza, koma sanaphunzire chimene chingamuthandize mawa. Wotsatira unyolo amayenda mbali zonse ziwiri m'mutu, salemba kanthu, ndipo amangotenga chimene mbali ziwirizo zagwirizana. Ali ngati katswiri wa bawo amene asanatole nkhomo amayamba wawerenga ndi maso kumene dzanja lake likathere. N'zoona kuti pa mipikisano, pomwe wopambana ndi wofulumira, ngakhale akatswiri nthawi zina amasankha mbali imodzi n'kuthamanga nayo, chifukwa kusaka unyolo kungadye mphindi zimene alibe. Koma iwo amasankha pamalo a mwayi uwiri, amaika chizindikiro pomwe ayambira, ndipo cholinga chawo ndi nthawi. Amene wakhala pakhonde ndi pepala lake sakupikisana ndi wotchi, ndipo akalota amadzimana gawo lokoma kwambiri la masewerawa.

Pali njira imodzi imene osewera amatsutsana nayo mpaka lero, ndipo mkangano wake ngwofunika kuumva. Imatchedwa unique rectangle. Tinene kuti tizipinda tinayi tapanga ngodya zinayi m'mizere iwiri yopingasa, iwiri yotsika, ndi mabokosi awiri okha. Titatu tili ndi 4 ndi 6 basi, kachinayi kali ndi 4, 6 ndi 9. Kachinayika kakanakhala 4 kapena 6, ngodya zonse zikanadzaza ndi 4 ndi 6, ndipo mukanatha kuwasinthanitsa popanda kuswa lamulo lililonse, kutanthauza kuti sudokuyo ikanakhala ndi mayankho awiri. Poti yokonzedwa bwino ili ndi limodzi, kachinayiko ndi 9. Njirayi ndi yachangu, ndipo imathetsa malo amene akanafuna unyolo wautali. Otsutsa amati umboni wake suchokera m'malamulo atatu a masewerawa, ukuchokera pa kukhulupirira kuti woikonza sanalakwitse. Akunena zoona, ndipo ndikuona kuti tiyenera kuwamvera pang'ono. Sudoku zochokera kwa osindikiza odziwika zimayesedwa ndi kompyuta, ndipo lamulo la yankho limodzi ndi mbali ya pangano pakati pa wokonza ndi wosewera, choncho kuligwiritsa ntchito si kubera. Koma sudoku zina za m'timabuku totchipa ndi m'mapulogalamu osasamalidwa zimakhaladi ndi mayankho angapo, ndipo mmenemo njirayi ingakuchotseni pa yankho labwinobwino. Muonetsetsenso kuti mabokosi ndi awiri: ngodyazo zikagwera m'mabokosi anayi, kusinthanitsa kuja sikutheka, ndipo mfundo yonse yagwa.

Chitsutso chomaliza n'chakuti kompyuta imamaliza zonsezi m'kuphethira kwa diso. Peter Norvig, katswiri wa makompyuta wa ku America, anafalitsa pulogalamu yaifupi imene imathetsa sudoku iliyonse pogwiritsa ntchito kufufuta kwa wamba, n'kumayesa nambala ndi kubwerera m'mbuyo ikalakwa. Ndiye munthu avutikirenji ndi Swordfish? Yankho n'lakuti kompyuta imakwanitsa kulota chifukwa siiwala pomwe inapatukira ndipo sitopa kubwerera kambirimbiri, zimene munthu sangathe. Bertram Felgenhauer ndi Frazer Jarvis anawerengera mu 2005 kuti mabwalo odzaza a sudoku alipo 6,670,903,752,021,072,936,960, ndipo munthu amapeza limodzi loyenera pakati pa onsewo ndi pensulo chabe chifukwa kufufuta kulikonse kumadula nthambi zosawerengeka nthawi imodzi. Zilipo sudoku zimene zinapangidwa dala kuti njira zonse takambazi zisagwire, monga AI Escargot imene Arto Inkala wa ku Finland anatulutsa mu 2006, ndipo zimenezo zimafuna maunyolo okhala ndi nthambi amene ndi ochepa angawasunge m'mutu. Koma si zimene zimasindikizidwa tsiku ndi tsiku. Yolembedwa kuti "yovuta" m'nyuzipepala nthawi zambiri imakhala ndi mfundo imodzi kapena ziwiri zothina, ndipo zikamasuka zotsalazo zimagwa zokha. Mukakakamira, yambani mwabwereza tinambala tanu ta pensulo, pakuti kawirikawiri vuto limakhala kanambala kamene kanayenera kufufutidwa kalekale. Kenako sakani awiri obisala ndi pamene bokosi likukumana ndi mzere, chifukwa zimenezi zimaphonyedwa kwambiri kuposa X-Wing. Zikakanika, tengani nambala imene yatsala ndi malo ochepa pabwalo lonse n'kuitsatira mzere ndi mzere, ndipo pomaliza zungulizani tizipinda tonse ta tinambala tiwiri muone ngati titatu mwa ito tikugawana manambala atatu.